Dzina Lachisanu ndi Chinayi

"Wawerenga ndiwe, Keith. Pakamwapo ndi pako, si panga."

"Ndawerenga zomwe zili m'kabuku! Umafuna ndiwerenge za m'mutu mwako? Ndikanalowera pati?"

"Zaka makumi awiri ukuwerenga mayina omwewo, lero osaona kuti la Enoch palibe? Magalasi akowo ndi owerengera chiyani, mitengo ya mowa kubala?"

"Eee, ayambapo amayi odziwa zonse. Mlembi pano ndani? Ine kapena iwe, Glenys?"

Amakangana anali azakhali anga a Glenys ndi mchimwene wawo, bambo anga aakulu a Keith, m'khitchini ya holo ya m'mudzi mwathu ku Kettlegill. Ine ndinali pakati pawo pa sinki, nditavala diresi langa latsopano lachikasu, ndikutsuka kapu imodzi yomweyo kachitatu. Palibe amene amandiyang'ana. Koma dzina la Enoch ndinalichotsa ndine.

Ife a Sallowby tilipo ochepa. Azakhali amati dziko lonse lapansi sitikwana mazana anayi, ndipo amanena monyadira ngati kuchepako tinachita kulimbirana. Chaka chilichonse, Loweruka loyamba la Ogasiti, amene angathe amabwera ku holo, ena kuchokera kutsidya la nyanja. Tisanamwe tiyi, bambo aakulu amawerenga Mndandanda: mayina khumi ndi awiri a anthu a dzina lathu amene anatchukapo. Muli bishopu, muli mayi wina woimba amene ankadzaza maholo ku London, wosewera kriketi, dokotala wa mahatchi a asilikali, ndi ena otero. Akawerenga dzina amafunsa kuti, "Akumuimira ndani?" Wamagazi ake amadzuka n'kunena kuti, "Ine." Basi. Dzina likasowa woliimira zaka zitatu zotsatizana limafufutidwa, lina n'kulowa m'malo mwake. Mayinawo sapitirira khumi ndi awiri.

Lachisanu ndi chinayi linali la Enoch Sallowby, womanga mipanda ya miyala, amene anapambana mpikisano wa chigawo chathu kasanu ndi kawiri, a nyuzipepala n'kumujambula atakhala pampanda ndi kaliwo pakamwa. Womuimira anali mmodzi yekha, mwana wake, agogo Wilf, amene chaka chamawa akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Sanakwatirepo, alibe mwana. Anali atawaimira bambo awo zaka makumi anayi ndi chimodzi osadumphitsa.

Zanga zinayamba chaka chatha ndi Jonah.

Jonah Sallowby anabwera ndi bambo ake kuchokera ku Canada, wamtali, tsitsi logwera m'maso, juzi yong'ambika pachigongono. Ubale wathu ndi wakutali moti azakhali anachita kulumikiza mapepala awiri kuti aulondole, ndipo ine kutalikako ndinakondwera nako. Tinacheza kuseri kwa holo mphindi makumi anayi, ndinkayang'ana wotchi ya patchalitchi. Anandiuza za agogo a agogo ake, Lucius, amene anapalasa bwato miyezi isanu mumtsinje wina kumpoto kwa dziko lawo akujambula mapu, n'kubwerako chisanu chitamudya zala ziwiri zakuphazi.

"Ndiye bwanji sali pa Mndandanda wanuwu?" anafunsa akuseka. "Tsiku lomwe adzalowepo, ndidzabwera kudzamuimira. Udzandisungire mpando."

Mawu amenewo ndinawadya chaka chathunthu. Ndinkawabwereza m'basi yopita kusukulu. M'chipinda cholembera mayeso omaliza, anzanga akutafuna zolembera, ine ndinkamuona akulowa pakhomo la holo, atanyowa ndi mvula, maso ake akundifunafuna pakati pa anthu. Zotsatira zake ndinali nditazikonza kale: nyumba yamatabwa m'mbali mwa nkhalango, galu mmodzi, ine ndikulemba mabuku pawindo, Kettlegill ndi nkhosa zake zili kutali ngati maloto adzulo.

Pa Khirisimasi ndinawafunsa azakhali za Lucius.

"Malo palibe," anatero. "A Wilf alibe mwana. Akadzatisiya, pakadzapita zaka zitatu, malo adzapezeka. Udikire."

"Koma agogo Wilf ndi amphamvu ngati ng'ombe!"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye tithokoze Mulungu, si choncho, Bryony?"

Ndinawerengetsa. Zaka zisanu, mwina khumi, kuwonjezapo zitatu zija. Ine nditakalamba, Jonah ali ndi ana anayi ndi dazi.

Mu Juni, nditangomaliza mayeso, azakhali anagwa pamasitepe a kudimba kwawo n'kuthyoka dzanja lamanja. Anandipatsa mapepala awo kuti nditaipe kabuku ka chaka chino pakompyuta, nditumize kwa osindikiza kutauni. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinafufuta mizere itatu ya Enoch, ndinalemba itatu ina ya Lucius. Ndinadziuza kuti Enoch akuchoka kale, ine ndangomufulumizitsa. Ndinadziuza kuti mipanda kwathu kuno ili ponseponse, nkhosa zimadzikanda pomwepo, kutchuka kwake kuli pati? Ndinadziuzanso china chomwe mpaka pano ndimachita nacho manyazi kulemba: kuti agogo Wilf samva bwino, mwina sazindikira n'komwe.

Ndinajambula tsambalo n'kumutumizira Jonah pafoni. Anayankha patapita masiku awiri, ndi mawu amodzi: "Zosangalatsa!" Ine ndinamva ngati walumbira. Mawa lake ndinakagula diresi lachikasu.

Bokosi la timabuku linafika m'mawa wa tsikulo. Timabukuto timagawidwa nthawi ya tiyi, choncho kotsegulidwa kanali ka bambo aakulu kokha. Ndinaika chikwama changa pampando wapafupi ndi wanga, ndikubweza aliyense wofuna kukhalapo. Chitseko chikalira, khosi langa limatembenuka lokha. Analowa achibale athu a Pamela ndi mapasa awo. Analowa abusa. Analowa agogo Wilf, atavala suti yawo yakuda yomwe imatuluka kawiri pachaka, tayi yofiirira, tsitsi atalinyowetsa n'kulipesa mbali imodzi. Anandigwedezera mutu, monga amachitira nthawi zonse, n'kukhala mzere wachiwiri chipewa chili pabondo.

Jonah sanabwere.

Agogo Wilf samva mayina, amawerenga ndi zala anthu odzuka. Ndipo poti mawondo awo amachedwa, amayamba kudzuka dzina lawo lisanafike. A Pamela atangonena "Ine" pa dzina la bishopu, lomwe ndi lachisanu ndi chitatu, ndinawaona agogo akugwira mpando wakutsogolo, akudzikoka pang'onopang'ono. Ndinafuna kukuwa. Ndinangogwira chikwama changa.

"Lucius Sallowby," bambo aakulu anawerenga, akukwinya nkhope pang'ono koma osaima, "woyenda m'mitsinje ya ku Canada, wojambula mapu. Akumuimira ndani?"

"Ine," anatero agogo Wilf, mokweza, chifuwa patsogolo.

Anthu anayang'anana. Kenako wina anaphulika ndi kuseka kumbuyo, ena n'kutsatira.

"A Wilf!" anakuwa msuweni wathu Trevor. "Ku Canada munapita liti, inu amene mumaopa basi ya ku Leeds?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sankaseka mwankhanza, ankaganiza kuti nkhalamba yasokoneza mawerengedwe. Agogo anayang'ana uku ndi uku akumwetulira pang'ono, osadziwa chikuseketsa anthu. Mayi amene anali pambali pawo anawakoka jekete n'kuwalankhula kukhutu. Kumwetulira kuja kunatha. Anakhala pansi, anaika dzanja kuseri kwa khutu, n'kumvetsera dzina lakhumi. Kenako lakhumi ndi chimodzi. Pa lomaliza anali atagwiranso mpando wakutsogolo, okonzeka. Bambo aakulu anatseka kabuku. Apa ndi pomwe anthu anazindikira, ndipo panalibenso woseka. Agogo anavala chipewa chawo muholo momwemo, zomwe sachita, n'kutuluka tiyi asanathiridwe.

Ndi mmene tinapezekera m'khitchini muja.

"Chabwino, ndine wakhungu, ndavomera," bambo aakulu amatero tsopano. "Koma tandiuza, Lucius ameneyu wachokera kuti? Wagwa kumwamba?"

Azakhali anatembenukira kwa ine. Ndinamva maso awo pamsana panga ngati dzuwa. Madzi a m'sinki anali atazizira, ine manja ali momwemo.

"Mwina ndinasokoneza mapepala ine," anatero kenako, mawu atatsika. "Mankhwala a dzanjali amandizunguza mutu."

"Aha! Wamva, Bryony? Ukhale mboni. Azakhali ako avomera kulakwa, koyamba chibadwire. Tiimbe belu la tchalitchi."

"Choka apa, ukagawe keke."

Bambo aakulu atatuluka, azakhali anatenga mbale ndi dzanja lawo labwino, anaikamo payi, buledi wofutiramo nyama ya nkhumba, masikono awiri ndi chidutswa cha keke, n'kuvundikira ndi kansalu. Anandipatsa osandiyang'ana kumaso.

"Kapereke kwa a Wilf. Sanadye kanthu."

"Azakhali, ine..."

"Si ine wofunika kumva zimenezo. Pita."

Kunyumba kwa agogo kunalibe munthu. Ndinawaona patali, kumtunda kwa busa la mlimi wa m'mudzimu, a Metcalfe, pomwe mpanda unagumuka ndi chisanu cha chaka chino. Ndinakwera ndi nsapato zanga zapaphwando, zidendene zikumira m'ndowe za nkhosa, mbale ili m'manja. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ena anali okoma kwambiri moti ndinayamba kudzimvera chisoni ndekha.

Jekete anali ataikoleka pageti. Tayi anali nayo pakhosi, manja a malaya oyera atawapinda, akutembenuza mwala m'manja ngati munthu wosankha buledi.

"Azakhali akuti mudye," ndinatero.

"Ika apo. Agalu a Metcalfe asaone."

Ndinaika mbale pamwala. Sanasiye ntchito.

"Ukawauze a komiti kuti sindinakwiye," anatero. "Aganiza bwino. Bishopu, dokotala, munthu wa mapu. Bambo anga ankanunkha nkhosa. Kungoti akanandiuza, sindikanavutika ndi kusita malaya."

"Si a komiti, agogo."

"Ati?"

"Si a komiti. Ndinachotsa ndine."

Analoza khutu lawo. "Kachipangizo kondithandiza kumva kaja ndakasiya kunyumba, kamandilizira likhweru. Lankhula ngati wadya, mwanawe."

Mawu okoma aja onse anathawa. Ndinaima pakati pa busa, m'diresi lachikasu, n'kukuwa mpaka nkhosa zinadzutsa mitu.

"Dzina la bambo anu ndinalichotsa ndine! Ndinkataipa kabuku, ndinalifufuta dala! Azakhali sakudziwa kanthu, a komiti sakudziwa kanthu! Ndine!"

Mwala unaima m'manja mwawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. Ndikanakonda akanandigenda nawo.

"Anakulakwira chiyani Enoch?"

"Palibe."

"Nanga ine?"

"Palibe, agogo."

"Ndiye?"

Ndinawauza, mokuwa momwemo. Za Jonah, za bwato, za mpando womwe ndinasunga. Nkhani yomwe m'mutu mwanga inali yaikulu ngati nyanja inatha m'mizere isanu, ndipo pokuwa imamveka yopusa kuposa china chilichonse chomwe ndinamvapo.

"Kamnyamata katsitsi kaja? Koopa ng'ombe za Metcalfe?"

"Eya."

"Kabwera?"

"Ayi."

"Hm." Anaika mwala pamalo pake, anaugogoda ndi chikhatho. "Wasinthanitsa bambo anga ndi mpando wopanda munthu."

Apa ndinayamba kulira, kulira konyansa kotuluka ndi mamina. Sananditonthoze.

"Misozi siimanga mpanda. Tola timiyala ito uzithira pakatipa. Osaponya, kuika."

Ndinagwada pa udzu wonyowa n'kuyamba kutola. Iwo amaika miyala ikuluikulu mbali ziwiri, ine ndikudzaza pakati. Tinagwira choncho osalankhula, mwina theka la ola. Chikhadabo changa chinathyoka. Diresi linada m'mawondo. Kumunsi kuholo magalimoto anayamba kuchoka imodziimodzi. Ine kukhala chete sindikutha, ndiye ndinayambanso.

"Ndikonza, agogo. Lolemba ndipita kwa osindikiza, asindikizenso timabuku tonse."

"Anthu apita kale. Tikagawire nkhosa?"

"Ndilembera aliyense kalata. Onse mazana anayi. Ndinena kuti ndine."

"Kuti aziti chiyani? Kuti Wilf anasekedwa chifukwa mwana wa Martin anapenga ndi chikondi? Bambo ako amwera kuti mowa?"

"Chaka chamawa dzina la Enoch lidzakhala loyamba. Patsogolo pa woimba uja. Ndiwauza azakhali."

"Lachisanu ndi chinayi ndi pake. Ukaliika poyamba ndidzadzuka liti?"

"Ndikaima muholo ndikapepese pamaso pa onse!"

"Iwe ukufuna sewero. Wavala kale zake."

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. Ngakhale pokuwa paja, kachigawo kena ka mtima wanga kankadzionera, kakuti taonani mtsikana wolimba mtima paphiri. Ndinaponya kamwala pansi.

"Ndiye mukufuna chiyani, agogo? Nenani! Chilichonse ndikanena mukukana!"

"Tola kamwalako."

Ndinakatola.

Anapukuta manja pathalauza la suti, anatsamira mpanda, n'kukhala pamwala waukulu pang'onopang'ono, akupuma mwamphamvu. Ndinali ndisanawaonepo akupuma choncho. Anavundukula mbale, anayang'ana payi, n'kuvundikiranso.

"Chaka chamawa, chaka chamawa," anatero. "Ana inu mumachitchula ngati chili m'thumba mwanu. Adokotala anandimvetsera pachifuwa mu Meyi. Sananene zambiri, koma nkhope ya munthu ndimaidziwa. Masitepe anayi a paholo paja lero ndapuma kawiri."

Mawu a azakhali a pa Khirisimasi anandibwerera, ndi mmene ndinawerengetsera zaka ngati munthu wodikira basi.

"Pali lamulo lina," anapitiriza. "Lili m'buku lakale la azakhali ako, palibe analigwiritsapo ntchito. Munthu wopanda mwana akhoza kutchula womulowa m'malo, bola akhale wa dzina lathu. Koma amatchula ali chiimire pa dzina la kholo lake, anthu onse akumva. Osati pampanda. Osati m'kalata." Anakanda chibwano. "Ndakhala ndikuyeserera sabata yonse kukhitchini. Mphaka watopa nane."

Mphepo inakweza kansalu ka pambale, ndinakagwira.

"Mumafuna kutchula ndani?"

Anayang'ana mpanda womwe umatsika phiri mpaka kumtsinje.

"Trevor ndi chitsiru. Ana a Pamela ali ndi bishopu wawo. Ena onsewa akandiona amafunsa za mawondo." Anagwira mwala wina wakuda, wa ndere, pansi penipeni pa mpanda. "Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unkathawa kwanu n'kudzakhala apa ndi buku, miyendo ili lendelende. Tsiku lina unandifunsa kuti miyala yomwe anaika bambo anga ndi iti, yomwe ndinaika ine ndi iti. Ndinakuonetsa. Mawa lake unabwera n'kuiloza wekha, osaphonya. Palibe munthu wina anandifunsapo zimenezo."

Ine sindinkakumbukira n'komwe. Ndinafufuza m'mutu monse, momwe munali mutadzaza mitsinje ya ku Canada, osapeza kanthu.

"Agogo, ine ndikuchoka kuno. Zotsatira za mayeso zikangotuluka..."

"Ndikudziwa. Mudzi wonse ukudziwa, umayenda ngati nthaka ya kuno ikukuotcha."

"Ndiponso ndi zomwe ndachitazi..."

"Wandifunsa chomwe ndikufuna kapena chomwe ukuyenera?" Anakweza mawu, mwina poti samadzimva, mwina ayi. "Khala chete kamodzi, ndinene. Timabuku tako sindikutifuna. Kupepesa kwako sindikukufuna. Ndimafuna ndiime lero pa dzina la bambo anga, nditchule iwe. Ndimafuna Ogasiti aliyense, kaya uli ku London, kaya ku Canada, kaya wakwatiwa ndi wopalasa bwato, uzidzakwera sitima n'kubwera muholo yonunkha chinyontho ija, udzadikire mayina asanu ndi atatu, udzaimirire. Ndi zomwe ndimafuna, Bryony. Ndikuzifunabe."